Mame a Zaka Zana: Gule wa ku Kadoma ndi Phunziro la ku Lijiang

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Nanga mame amene atha zaka zana osauma tiziwatchabe mame? Achewa a ku Rimuka ndi Eiffel Flats ku Kadoma, komanso a ku Pfupajena ku Chegutu, ndi zidzukulu za machona amene adachoka ku Nyasaland ndi maiko oyandikana kudzakumba golide ku mgodi wa Cam and Motor ndi kulima m'mafamu a azungu. Adadza ndi ng'oma zawo nakhazikitsa madambwe, ndipo gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, amatulukabe pamaliro. Komabe ngakhale ife ophunzira timamutchula ngati katundu wobwereka. Limeneli ndi bodza, ndipo lapweteka anthu.

Mu 2001 lamulo la unzika ku Zimbabwe lidasandutsa alendo anthu ambiri obadwira komweko chifukwa makolo awo adali ochokera kunja. Mu 2005 UNESCO idalemekeza gule wamkulu m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia basi. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, koma mawu a papepala sateteza dambwe.

Ena amati mankhwala ake n'kulembetsa guleyu m'kaundula wa chuma cha dziko kuti akope alendo okaona malo. Iwowa ayambe aphunzira za Anaxi a ku Lijiang, tauni ya m'mapiri a Yunnan ku China. Anaxi ali ndi ansembe otchedwa dongba amene amalemba miyambo yawo ndi zithunzi. Chivomerezi chitagwedeza tauniyi mu 1996, UNESCO idaiika pa mndandanda wa malo osungidwa mu 1997, ndipo mu 2003 idalemekeza mabuku a ansembewo. Alendo adakhamukirako. Mabanja ambiri adabwereketsa nyumba zawo kwa amalonda nasamukira kunja kwa tauni yakale. Zilembo zopatulika zidayamba kugulitsidwa pa malaya, pamene odziwa kuziwerenga pamwambo ndi owerengeka. Makoma adapulumuka, eni ake adatuluka.

Kodi zimenezi ndizo tikufunira Rimuka? Chilombo chimabwera kudzaperekeza mzimu wa womwalira. Chikayamba kuvinira kamera pa ola lolembedwa pa tikiti, sichikhalanso chilombo.

Chofunika sichisanja cha pahotela ayi. Makhonsolo a Kadoma ndi Chegutu ateteze manda ndi nkhalango zimene madambwe amadalira. Ana a m'makomboni aphunzire Chichewa kusukulu, pakuti nyimbo ndi mwambo sizikhala popanda chiyankhulo. Ofufuza ayambe apempha kwa akuluakulu a dambwe, ndipo akakanizidwa, amve. Koposa zonse, tileke kufunsa kuti guleyu kwawo n'kuti. Kwawo n'kumene adaika agogo ake, ndipo mandawo ali ku Kadoma ndi ku Chegutu.