Ngongole ya Denver pa Russell Wilson

M'ligi ya NFL ku America, timu iliyonse imaikiridwa malire a ndalama zolipira osewera. Mu 2024 malirewo anali madola 255.4 miliyoni. Lamulo limalola kumwaza bonasi ya wosewera m'mabuku mpaka zaka zisanu, komwe kuli kudyeratu chimanga chisanache. Denver Broncos inalawa kuwawa kwake. Itachotsa Russell Wilson mu 2024, madola 85 miliyoni anatsalabe pa malire ake kwa zaka ziwiri, mwiniwakeyo akusewerera matimu ena. Mpata wokopera osewera omwe makontrakiti awo atha unathera pa munthu wochoka kale. Mlanduwu si wa Wilson ayi. Ndi wa mabwana amene anamusainitsa kontrakiti ya zaka zisanu mu 2022 asanawasewerere ngakhale kamodzi.