Nkhani za chuma zimayambira ku Mbilima

Pa 9 Novembala 2023 tinadzuka ndalama yathu itachepa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imodzi, yomwe dzulo lake inali pafupifupi K1,180 kubanki, inafika pa K1,700. Posakhalitsa petulo naye anakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Masiku amenewo pa kanema panali akatswiri a zachuma okhaokha, atavala masuti, akuyankha mafunso m'Chingerezi.

Kuno ku Chitipa nkhaniyo inatipeza tikuidziwa kale. Amayi opikula katundu ku Tunduma anali atadandaula kwa miyezi kuti mpamba womwewo ukubwera ndi katoni yochepa ya sopo ndi mafuta ophikira. Anyamata osintha ndalama cha ku Mbilima, aja amayenda ndi mitolo yomanga ndi mphira, anali atasintha mtengo wa shilingi ya Tanzania kangapo konse. Kwacha inagwera m'manja mwawo Reserve Bank isanalengeze kanthu. Akanakhalapo mtolankhani woima pamenepo ndi kamera, dziko likanamva msanga, ndipo likanamva m'mawu oti agogo anga ku Kameme angawatsatire.

Sindikunyoza atolankhani athu a zachuma. Ntchito yawo ndimailemekeza, chifukwa ndi yolemetsa komanso ndi yatsopano m'dziko muno. Nthawi ya Kamuzu tinalibe wailesi yakanema. TVM inayamba mu 1999, kenako inaphatikizidwa ndi MBC, ndipo za anthu wamba monga Times ndi Zodiak zinabwera pambuyo. Amene akuwerenga nkhani za chuma lero analibe achikulire ambiri owasonyeza njira.

Mnyamata kapena mtsikana amachoka kwawo, n'kukaphunzira utolankhani ku MIJ kapena ku MUBAS, ija tinkaiti Polytechnic. Akalowa ntchito amapeza kuti anzake akuthamangira zandale ndi zampira, poti manambala amaopsa. Iye akalimba mtima n'kukhala pa zachuma, amayamba sukulu ina yopanda mphunzitsi: kuwerenga bajeti ya boma tsamba ndi tsamba, kumvetsa ziwerengero za kukwera mitengo zochokera ku ofesi ya NSO ku Zomba, kutsatira masheya pa Malawi Stock Exchange, kudziwa chifukwa chake chiwongoladzanja cha Reserve Bank chikakwera ngongole ya wogaya chimanga imakweranso. Zonsezi azifotokoze m'mphindi ziwiri, ataima kutsogolo kwa kamera, osalakwitsa ziro ngakhale mmodzi.

Chimene chimamumanga miyendo ndi ndalama. Kamera ndi galimoto ndi zolimbirana, mafuta ndi ovuta, malipiro ndi ochepa. Tsono nkhani yosavuta kuipeza ndi ya kuhotela ku Blantyre kapena ku Lilongwe, komwe kampani yaitana atolankhani kuti ilengeze phindu lake, ndipo potuluka pamakhala ka chipondamthengo. Dzanja lolandira envelopu limavutika kuloza chala mawa lake. Ndipo amene wakhwima pantchito, woti tsopano angathe kumufunsa mkulu wa banki funso lomutulutsa thukuta, nthawi zambiri amatengedwa ndi makampani omwewo kukakhala mneneri wawo. Sindimuda, naye ali ndi ana a sukulu. Koma zimandiwawa, chifukwa wotaya ndi woonera.

Kuti ntchitoyi ikhoza kumufikitsa munthu patali, Larry Madowo wa ku Kenya ndi umboni. Anakulira ku Siaya, kutali ndi Nairobi, anawerengapo nkhani za malonda pa NTV, anagwirako ku CNBC Africa ku Johannesburg, mu 2018 anakhala mkonzi wa nkhani za chuma cha Africa ku BBC, ndipo mu 2021 analowa CNN. Mwana wa ku Wenya kapena ku Nthalire sachepa pa zimenezi. Ali ndi mwayi wina umene wa m'tauni alibe: anakula akudziwa mtengo wa ndowa ya chimanga m'ndalama zitatu, kwacha yathu, kwacha ya Zambia ndi shilingi ya Tanzania, ndipo amamva Chilambya, Chindali kapena Chisukwa kuwonjezera pa Chitumbuka ndi Chichewa.

Nkhani zoti agwire zilipo zambiri. Mlimi wa khofi ku Misuku amathyola zipatso zofiira chimodzichimodzi m'mapiri otsetsereka, n'kusenza kupita kokapimitsa ku kopaletivi. Khofiyo akakonzedwa amagulitsidwa kunja m'madola, ndipo mtengo wa arabica umatsatira msika wa ku New York. Kwacha ikagwa, mlimiyu amayenera kulandira makwacha ochuluka. Kodi amalandiradi, nanga zimafanana ndi mmene feteleza wakwerera? Funso limeneli likufuna munthu wokhala pansi ndi mlimiyo, kuona malisiti ake, n'kukafunsa ku Mzuzu komwe kuli likulu la makopaletivi a khofi.

Mu Epulo 2025 Tanzania inatseka kwa masiku angapo malonda a zokolola ndi Malawi, pobwezera chiletso chimene boma lathu linaika pa katundu wina wochokera kunja. Kwa anthu a m'malire zimenezi ndi nthochi zoola ndi mpamba wothera panjira. Chimodzimodzi boma likaletsa kutulutsa chimanga: mtengo kuno umatsika, mavenda amagula motchipa, matumba amadutsabe usiku panjinga. Palinso mgodi wa uranium ku Kayelekera, m'mbali mwa msewu wathu wopita ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014 mitengo itagwa pa msika wa dziko lonse. Ana a kuno amene anaugwirako ntchito angafotokoze bwino tanthauzo la mawu oti msika wagwa.

Ndikudziwa kuti kutumiza galimoto mtunda woposa makilomita 600 kuchokera ku Lilongwe si zamasewera. Koma foni ya masiku ano imajambula bwino, ndipo WhatsApp imafika. Akonzi a nkhani apeze wachinyamata mmodzi pa boma pano, amuphunzitse, azimulipira mokwanira kuti asamadikire envelopu, ndipo sabata iliyonse azitumiza mitengo ya chimanga, nyemba, feteleza ndi shilingi, pamodzi ndi mawu a ogulitsa ndi ogula m'chilankhulo chawo.