Wongoyamba kumene pa Google asakankhane ndi njovu

Aliyense amene anagulitsapo tomato kapena kaunjika pamsika amadziwa kuti benchi ya pakhomo ndi benchi ya kuseri kwa zimbudzi sizilowetsa ndalama zofanana, ngakhale katundu atakhala yemweyo. Pa intaneti zilinso chimodzimodzi, mwinanso kuposa apo. Munthu akalemba mawu pa Google amapatsidwa mayankho pafupifupi 10 patsamba loyamba, ndipo ambirife sitivutika n'kupita patsamba lachiwiri. Amene ali kumeneko amangokhala ngati kumsikako sanabwere n'komwe.

Ndikukamba izi chifukwa ana angapo amene anadutsa m'manja mwanga kusukulu tsopano ali ndi timabizinezi tawo, ndipo ena atsegulitsa masamba a pa intaneti. Wina amagulitsa uchi, wina anapiye, wina mpunga wa Kilombero. Ndalama analipira, tsamba linatuluka lokongola, koma miyezi ikungodutsa foni osalira. Funso lawo limakhala limodzi: "Aphunzitsi, bwanji ndikadzifufuza pa Google sindikudzipeza?" Ine ndine wa choko ndi bolodi, koma nkhaniyi ndaitsata mokwanira kuti ndiwayankhe, ndipo ndikuona kuti yankholo lingathandizenso ena mwa inu owerenga.

Luso lochititsa kuti tsamba lizioneka pamwamba pa mayankho limatchedwa Search Engine Optimization, mwachidule SEO. Kuti tilimvetse tiyambe ndi mmene Google imasankhira. Kampaniyi inayamba mu 1998, ndipo oiyambitsa, Larry Page ndi Sergey Brin, anali ophunzira pa yunivesite ya Stanford ku America. Nzeru imene inawakweza inali yosavuta: tsamba lina likaika linki yolozera patsamba lako, ndiye kuti lakuchitira umboni. Mboni zikachuluka, makamaka zikakhala zolemekezeka, nawenso umakwera. Zili ngati kubwalo la amfumu, kumene mawu a munthu wodziwika kwa nduna zonse salemera mofanana ndi a mlendo wofika dzulo. Masiku ano Google imayang'ana zinthu zambiri kuposa malinki, koma umboni umenewu sunathe mphamvu.

Apa ndiye pagona vuto la wongoyamba kumene: alibe mboni. Titenge mnyamata wa ku Likhubula, m'boma la Mulanje, amene amaperekeza alendo kuphiri. Akafuna kuti azioneka munthu akalemba "Malawi tourism" kapena "hotels in Malawi", ndiye kuti walowa m'bwalo limodzi ndi TripAdvisor, Booking.com, Lonely Planet ndi Wikipedia. Awa ndi akamuna a zaka zambiri, malinki ali nawo osawerengeka, ndipo ena mwa iwo amalipira anthu ogwira ntchito yokhayi usana ndi usiku. Ngakhale m'nthano zathu Kalulu sagwetsa Njovu pokankhana nayo.

Chofunika ndi kusiya mawu akuluakuluwo n'kupita ku mafunso aatali, ooneka ngati achabechabe, amene njovu sizitayirapo nthawi. Mlendo amene watsimikizadi zokwera phiri salemba "Malawi" basi. Amafuna kudziwa kuti akachoka ku Limbe pa minibasi atsikire pati, ndipo wina ayenera kumuuza kuti ndi pa Chitakale, kenako atenge msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula. Amafunsa kuti kukafika pa Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, kumatenga masiku angati. Amafunsa ngati pogona pa Chisepo pali zofunda kapena anyamule zake, ngati mwana wa zaka 10 angakwanitse kufika ku Chambe, ndiponso kuti munthu amatani chiperoni chikamupeza pamwamba mu June. Ofunsa zimenezi ndi owerengeka pa mwezi, koma ndi anthu oti chikwama anamanga kale. Wodziwa mayankho ake sali mu ofesi ku London. Ndi mnyamata uja, amene miyala ya m'njiramo amaidziwa ndi zala za kumapazi. Ndipo popeza mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, dzinali lafika m'makutu mwa anthu amene kale sankalidziwa.

Google yomweyo inanena kuti mwa mafunso onse amene imalandira tsiku lililonse, 15 pa 100 alionse amakhala oti sinawaonepo. Malo osalimidwa alipo, ndipo ndi ambiri.

Tsono funso limodzi lipatseni tsamba lake, ndipo mutu wa tsambalo ukhale ndi mawu omwe munthu angalembe pofufuza. Mawuwo sasowa. Mukayamba kulemba m'kabokosi ka Google, iyo yokha imakutsirizirani ndi zimene ena amalemba kawirikawiri, ndipo pakati pa mayankho pamakhala kagawo kotchedwa People also ask. Koma gwero labwino koposa ndi makasitomala anu omwe. Funso lililonse limene munthu wakufunsani pa WhatsApp kapena pamaso lilembeni m'kope. Akafunsa anthu atatu osiyana, dziwani kuti kunja kuli ena amene akulifunsa kwa Google.

Poyankha, lembani zimene mwaona ndi maso anu. Ife aphunzitsi chimangirizo chokopera timachizindikira pa ndime yoyamba: chimasalala kwambiri, koma mulibe fungo la mwini wake. Google nayo yakhala ikusaka zoterezi. Mu 2011 inasintha kasankhidwe kake pofuna kugwetsa masamba opanda nyama, ongodzaza mawu, ndipo kusinthako kunatchedwa Panda. Mu December 2022 inawonjezera mfundo ina m'malangizo a anthu amene amaiunikira ubwino wa mayankho: kodi wolembayo chinthucho anachichitapo yekha? Apa ndi pamene wamng'ono amaposa wamkulu. Chithunzi chimene mwajambula nokha cha mtsinje utadzaza mu February, mtengo weniweni wa lero ndi tsiku limene mwaulemba, chenjezo loti pakutipakuti pamaterera mvula ikagwa, zonsezi munthu wokopera sangazipeze.

Pali munda wina umene anyamata athu amaulambalala chifukwa choganiza kuti intaneti ndi ya Chingerezi chokha. Mundawo ndi Chichewa chomwechi. Yesani kufufuza za chitopa cha nkhuku, za chigodola cha nkhumba, kapena za kasungidwe ka chimanga kuti chisafumbwe, mulembe m'Chichewa, muone zimene zituluke. Kawirikawiri ndi zochepa, zina zakalekale, zina zomasuliridwa ndi makina moti mlimi sangatolepo kanthu. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma kumasulira si kudziwa nkhuku. Wogulitsa anapiye amene angalembe momveka bwino kuti katemera wa chitopa amaperekedwa liti, amasungidwa bwanji kumudzi kopanda firiji, ndipo nkhuku yodwala imaoneka motani, alibe opikisana naye ambiri. Akumbukirenso kuti anthu satchula zinthu mofanana. Kwina amati chitopa, kwina chideru, ndipo ambiri amasakaniza ndi Chingerezi polemba pa foni. Mawu onsewo apezeke m'nkhaniyo mwachibadwa, osachita kuwaunjika ngati mbatata. Owerenga akenso sathera pa Mchinji kapena pa Mwanza. Ku Chipata ndi ku Katete ku Zambia, ku Tete ku Mozambique, ndi abale athu ali ku Johannesburg aja amene amatumiza ndalama zogulira ziweto kumudzi, onsewa chilankhulo ndi chomwechi.

Ndinene mosabisa kuti ofufuza m'Chichewa pa Google sanachuluke kwenikweni. Ambiri kwathu kuno nkhani amazipeza pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa wailesi. Ngati makasitomala anu onse ali m'mudzi momwemo ndi pa sitolo za pafupi, ndalama ya tsamba ndi bwino mugulire katundu. Google imathandiza amene akufuna kupezedwa ndi munthu wakutali amene sakumudziwa: mlendo, wogula wa m'tauni, m'bale wa kunja.

Za mboni zija, zimabwera pang'onopang'ono ndipo zimachokera kwa anthu amene mumagwira nawo ntchito kale. Malo ogona alendo amene mumawatengera makasitomala angakutchuleni patsamba lawo. Kalabu ya alimi, nyuzipepala imene yalemba za inu, mlendo amene wasangalala n'kukalemba za ulendo wake, onsewa ndi mboni zenizeni. Palinso Google Business Profile, yaulere, imene imaika bizinezi yanu pa Google Maps pamodzi ndi nambala ya foni, nthawi yotsegulira ndi ndemanga za makasitomala. Kwa wa malo odyera kapena wokonza njinga zamoto, kameneka nthawi zina kamaposa tsamba lonse.

Chenjerani ndi a dobadoba a pa intaneti. Mmodzi mwa ana anga aja analandira uthenga kuchokera kwa munthu amene ankalonjeza kumuika pa nambala 1 m'sabata imodzi, bola atumize ndalama pa foni. Google yomwe imachenjeza kuti palibe amene angalonjeze malo oyamba. Zimene otere amachita ndi kukugulirani malinki ambirimbiri kuchokera kumasamba a zinyalala, ndipo kuyambira mu 2012, pa kusintha kotchedwa Penguin, mboni zogula zoterezi mwina sizimawerengedwa, mwina zimakugwetsani kumene. Malo okhawo ogulika ndi a malonda aja olembedwa kuti Sponsored, amene amazimiririka ndalama ikangotha.

Kachinthu kena kamene kamandipweteka mtima ndi kulemera kwa masamba. Wopanga tsamba amaliyesa pa kompyuta m'tauni, pamene netiweki ndi yamphamvu, n'kuikamo zithunzi zikuluzikulu ndi kanema wodziyambitsa yekha. Bwerani nalo kuno kumene timakwera pachulu kuti uthenga udutse, muone. Munthu amene bandulo yake ya Airtel kapena TNM akuiwerengera ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi sadikira. Google nayonso poyeza tsamba imayang'ana mmene limaonekera pa foni, osati pa kompyuta. Chepetsani zithunzi, nambala ya foni ikhale poonekera, zilembo zikhale zowerengeka.

Nanga makina olemba okha aja, monga ChatGPT? Achinyamata ena akuganiza kuti apeza chidule: kulamula makina alembe nkhani 100 usiku umodzi. Mu March 2024 Google inakhwimitsa malamulo ake pa masamba ochulukitsidwa chonchi pongofuna kukwera, kaya walemba ndi munthu kaya makina. Chodetsa nkhawa kwambiri kwa ine ndi china. Kuyambira chaka chomwecho Google inayamba kuika yankho lake lofupikitsa pamwamba pa mayankho ena onse, moti wofunsa kuti phiri lalitali m'Malawi ndi liti amakhutira pomwepo osatsegula tsamba la aliyense. Mafunso a chidziwitso wamba akuthera pamenepo. Otsala ndi aja ofuna munthu wamoyo kumapeto kwake: ndani andiperekeze Loweruka, ndani ali ndi anapiye a mikolongwe sabata ino, uchiwo ufika bwanji ku Lilongwe.

Zonsezi zimafuna nthawi. Malangizo a Google omwe amati zipatso za ntchitoyi zimayamba kuoneka pakadutsa miyezi inayi mpaka chaka. Podikira musakhale mumdima. Lembetsani tsamba lanu pa Google Search Console, yomwenso ndi yaulere. Imakuuzani ngati Google yaliona tsambalo, mawu amene anthu analemba kuti akupezeni, ndi nambala imene mukuonekera pa funso lililonse. Mukapeza funso limene muli pa nambala 13 kapena 14, ndiye kuti mwaima pakhomo penipeni pa tsamba loyamba. Nkhani imeneyo ndiyo muyambe kuikonza sabata yomweyo: onjezerani zimene makasitomala afunsa chilembereni, sinthani mitengo yakale, ndipo muilumikize ndi linki kuchokera ku nkhani zanu zina.