Mafunde a ku Sangilo akufuna turbine yawoyawo

Mwera ukayamba kuomba mu June ndi July, mafunde a kuno ku Sangilo amamenya miyala mpaka asodzi amakokera mabwato kumtunda. Chaka chilichonse ophunzira anga amafunsa kuti, "Aphunzitsi, mphamvu yonseyi singatiyatsire magetsi?" Ingathe ndithu. Koma ine ndimati makina ongogula kunja n'kudzaika pano akhoza kutigwiritsa fuwa la moto.

Tengani botolo la pulasitiki, mulidule kunsi, muviike mbali yodulayo m'nyanja. Funde likafika, madzi amakwera m'botolomo n'kukankhira mpweya kukamwa. Likabwerera, mpweya umalowanso. Ikani chala pakamwapo, mumva nokha. Malo ena opangira magetsi ndi mafunde amagwira ntchito chimodzimodzi: chipinda chachikulu cha konkire, ndipo pakamwa pake pali turbine yozunguza jenereta.

Nkhani yagona pa mpweyawo. Ku Wovwe, komwe EGENCO imapanga magetsi m'boma lathu lino, madzi amayenda njira imodzi basi. M'chipinda cha mafunde mpweya umatuluka, kulowa, kutulukanso. Turbine wamba ingamangopita kutsogolo n'kubwerera. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Alan Wells wa ku Belfast anapanga mapiko ofanana mbali zonse ziwiri, kotero kuti mpweya uchokere uku kapena uko, turbine imazungulirabe mbali imodzi. Ku Mutriku, m'dziko la Spain, ma turbine 16 otere anayamba ntchito mu 2011.

Komatu turbine ya Wells ndi yosankha. Mpweya ukachepa imavutika kuyamba kuzungulira. Ukachuluka kwambiri umasiya kutsata mapiko n'kumangovunduka, ndipo mphamvu imagwa mwadzidzidzi. Tsono kumbukirani kuti funde likatalika kawiri, mphamvu yake imachuluka kanayi. Nyanja yathuyi lero ili bata, mawa yakalipa, choncho turbine yosankhayo ingamathe masiku ambiri ikungoyang'ana.

N'chifukwa chake ine ndingasankhe mtundu wina wotchedwa impulse, womwe uli ndi timapiko tosayenda tolondolera mpweya pa mapiko ozungulira. Mpweya ukakhala woyenerera, ya Wells imaiposa, koma iyi simagwa mphwayi funde likakula. Mudzi umafuna babu woyaka masiku ambiri, osati wowala kwambiri tsiku limodzi.

Palinso china. Mafunde a m'nyanja ya Atlantic amabwera motalikirana, pomwe athuwa amabwera motsatizana. Chipinda ndi turbine zoyezedwa pa mafunde a ku Spain sizingayenderane ndi a pano.

Ndiye tiyambe ndi kuyeza. Tsiku la bata zikani mtengo wolembedwa masentimita pafupi ndi gombe. Kenaka tsiku lililonse, muli kumtunda, werengani mafunde ofika pa mphindi imodzi, onani kutalika kwake, lembani m'kope. Mwera ukakula musalowe m'madzi. Amene adzapange turbine ya Sangilo adzayamba wafunsa kope limenelo, ndipo mwina adzakhala mmodzi wa inu.