ZIMBABWE: Pa ngozi za pamsewu, mlandu umawola

GWERU - Pa 3 Marichi 2016, basi yaikulu inaphulika tayala n'kuombana ndi minibasi pakati pa Kwekwe ndi Gweru, pa msewu wa Harare-Bulawayo, ndipo anthu osachepera 30 anafa. Ngozi zotere zimamveka m'maiko onse a chigawo chino. Zimene sizimveka ndi za opulumuka, amene amabwerera kwawo ndi ndodo zoyendera, ngongole ya kuchipatala komanso funso lakuti adzawalipira ndani.

Ku Zimbabwe, kumene anthu pafupifupi 2,000 amafera pamsewu chaka chilichonse, yankho lake lagona pa umboni. Lamulo la Road Traffic Act limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwaransi yoteteza anthu ena, koma chipepeso sichibwera chokha. Wovulalayo ayenera kusonyeza kuti dalaivala analakwa, kuti kuvulala kwake kunachokera pa ngoziyo, ndiponso kuti wataya ndalama zingati.

Makolo amati mlandu suwola, koma lamulo likunena zina. Malinga ndi Prescription Act, mlandu wofuna chipepeso umatha mphamvu pakapita zaka zitatu, ndipo wofuna kusumira kampani ya inshuwaransi mwachindunji ali ndi zaka ziwiri zokha. Umboni umawola msanga kuposa pamenepo: mvula imafufuta mikwasa ya matayala, galimoto imakonzedwa, mboni zimabalalika.

Matauni a migodi

Vutoli ndi lalikulu m'matauni a migodi a chigawo cha Midlands monga Kwekwe, Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane. Kampani ya zitsulo ya Ziscosteel ku Redcliff inaleka kugwira ntchito mu 2008, ndipo mgodi wa Shabanie ku Zvishavane unalowa pansi boma litaulanda mu 2004. Ambiri amene anachotsedwa ntchito, pamodzi ndi ana awo, anayamba kukumba golide paokha kapena kuchita geni.

Wogwira ntchito pa migodi ikuluikulu ngati Mimosa kapena Unki ali ndi pepala la malipiro losonyeza zimene wataya pamene wagona m'chipatala. Wokumba golide payekha alibe pepala lotere, ngakhale kuti banja lonse limadya thukuta lake.

Kayendedwe nakonso n'kovuta. Anthu ambiri amakwera timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo, timene kumeneko amatitcha mushikashika. Mulibe tikiti, mulibe kaundula wa okwera, ndipo kawirikawiri mulibe inshuwaransi ya okwera. Ngozi ikachitika pa zikhotakhota za Boterekwa pafupi ndi Shurugwi, wovulala ayenera kuyamba watsimikiza kuti analimodi m'galimotomo.

Palinso zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi nthawi ya atsamunda. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri a iwo opanda dziko. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linali la dziko la SADC, komabe lipoti la bungwe la Amnesty International la 2021 linapeza kuti ambiri anali adakali opanda zikalata za kubadwa ndi zitupa. Popanda zikalatazi, mayi wamasiye amavutika kutsimikiza kuti malemu anali mwamuna wake ndiponso bambo wa ana ake.

Masiku oyamba

Tsogolo la mlandu limadziwika m'masiku oyamba, pamene wovulala alibe mphamvu, choncho udindo umagwera achibale. Lamulo limafuna kuti dalaivala akanene za ngozi kupolisi pasanathe maola 24, koma banja liyenera kuonetsetsa kuti dzina la m'bale wawo lalembedwa m'lipotilo ndi kusunga nambala yake.

Zithunzi za pafoni zosonyeza nambala ya galimoto, pepala la inshuwaransi la pagalasi ndi malo a ngozi n'zofunika, monganso maina ndi manambala a mboni. Ngati galimotoyo ndi ya ku Malawi kapena Zambia, ndi bwino kujambula Yellow Card ya COMESA, imene ndi inshuwaransi yodutsira malire. Makadi a kuchipatala, lipoti la dokotala ndi malisiti onse, ngakhale a ulendo wopita kuchipatala, zisatayike. Wokumba golide angathandizidwe ndi malisiti a kumene amagulitsa golide kapena mauthenga a EcoCash.

Dalaivala akalipira chindapusa kapena akamangidwa, mabanja ena amaganiza kuti nkhani yatha. Chindapusa chimapita ku boma. Chipepeso chimafuna mlandu wakewake, ngakhale kuti chigamulo choyambacho chingathandize ngati umboni. Osowa ndalama za loya angathe kufunsa ku nthambi ya boma ya Legal Aid Directorate.

South Africa, Botswana ndi Namibia ali ndi thumba lothandiza ovulala pamsewu, limene ndalama zake zimachokera ku msonkho wa mafuta a galimoto. Ku Zimbabwe ganizo lotere lakhala likukambidwa kwa zaka zambiri. Koma ngakhale thumba limafunsa dzina, chitupa ndi lipoti la apolisi. Boma likapanda kuthetsa vuto la zikalata ndi la mushikashika, anthu a m'makomboni a migodi adzakhalabe kumapeto kwa mzere.