Kodi Mass Effect Ndi Yoyenera Kugula?

Pa tchuthi chapitachi msuweni wanga anandinyengerera kuti tisonkherane tigule gemu ya pa kompyuta yotchedwa Mass Effect Legendary Edition. Ndalama imene ndinali nayo inali ya sopo ndi makope ya teremu ino, yomwe bambo anaipeza movutikira. Nkhaniyi inandisowetsa tulo masiku atatu.

Kunena zoona, gemuyi si yachibwana. Kampani ya BioWare ya ku Canada inatulutsa gawo loyamba mu 2007, ndipo mu 2021 magawo onse atatu anawaphatikiza pamodzi. Wosewera amasanduka Commander Shepard, mtsogoleri wa chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Normandy, amene amalimbana ndi zimakina zoopsa za Reapers. Chinandikopa ndi chakuti zimene wasankha zimakutsata mpaka gawo lachitatu. Pa dziko la Virmire umapulumutsa mnzako mmodzi yekha, Ashley kapena Kaidan, winayo n'kufa.

Komabe ndinakana, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kumaliza magawo onsewa kumadya maola oposa 60, pamene ine ndili mu Fomu 3 ndipo masamu akundivutabe. Chachiwiri, ku Ulaya gemuyi anaiika m'gulu la anthu a zaka 18 chifukwa cha chiwawa ndi kutukwana, chonsecho ine ndili ndi zaka 16.

Choncho ndikuti gemuyi ndi yabwino, koma si ya msinkhu wathu. Makolo, musanapereke ndalama muziyamba mwaona nambala ya zaka pa bokosi. Anzanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Shepard sathawa, tidzamupeza tikamaliza sukulu.