Mnofu ukadumpha, tisathamangire ku Google

Mayeso akayandikira, m'mahositelo mwathu mumamveka madandaulo ofanana. Wina chikope chakhala chikumugunda kwa masiku anayi. Wina katumba akungomudumpha yekha akagona usiku. Agogo athu kumudzi akadati ndi malodza, mwina kukubwera uthenga wa maliro. Ife timaseka zimenezi, koma tikangomaliza kuseka timatenga foni n'kufunsa Google. Pasanathe mphindi khumi takumana ndi dzina la ALS, matenda owononga mitsempha yoyendetsa minofu, ndipo tulo tatha. Apatu tangosintha woombeza, mantha ndi omwe aja.

Ife tikuona kuti pa nkhaniyi chimene chimadwalitsa ambiri ndi mantha, osati mnofu. Mantha amenewa ndi enieni ndipo ayenera kuthandizidwa mwaulemu.

Kudumpha kwa tizigawo ta mnofu, komwe madokotala amati fasciculation, kumachitikira anthu ambiri athanzi. Kumayamba chifukwa cha kusagona mokwanira, nkhawa, masewera olimbitsa thupi opitirira muyeso, kuchepa kwa michere monga magnesium ndi calcium, mankhwala ena monga salbutamol wa mphumu, komanso caffeine. Tisanamizane, ngakhale ambirife tinakulira m'nyumba zosamwa tiyi ndi khofi, sabata ya mayeso zitini za zakumwa zochotsa tulo zimapezeka pansi pa mabedi athu. Kwa ena kudumphaku kumatenga miyezi popanda kufooka kulikonse, ndipo madokotala amakutcha benign fasciculation syndrome, kutanthauza kuti n'kosaopsa.

Nanga ALS? Ndi matenda osowa, ndipo amagwira kwambiri anthu opitirira zaka 50. Chizindikiro chake chachikulu ndi kufooka komwe kumakulirakulira: dzanja kukanika kumanga batani kapena kutembenuza kiyi, phazi kukwekwereza pansi, mnofu kuphwa, mawu kuyamba kulemera. N'zoona kuti katswiri wa sayansi Stephen Hawking anapezeka ndi matendawa mu 1963 ali ndi zaka 21, koma si kawirikawiri kuti ayambe pa msinkhu umenewo. Intaneti imaika nkhani zoopsa patsogolo, pomwe anthu ochuluka amene chikope chawo chinaleka kugunda atagona bwino salemba kalikonse.

Chowawa n'chakuti nkhawa imadzidyetsa yokha. Tikachita mantha, thupi limatulutsa adrenaline, mitsempha imakhala tcheru, mnofu n'kudumpha kwambiri. Kenako timayamba kudziyesa: kuyenda chonyang'ama, kufinya chibakera, kuyang'ana lilime pagalasi. Mnofu umatopa ndi kuyesedwako n'kudumphanso, ife n'kumati taonani umboni uja. Pamene tikutero maphunziro akutsalira, chakudya sichikulowa, ndipo anzathu tikuwathawa.

Ena anena kuti kuli bwino kuda nkhawa kusiyana ndi kunyozera matenda. Sitikuti tinyozere. Ngati kudumpha kwatenga masabata angapo, kapena kwabwera ndi kufooka, dzanzi losatha, kapena kuvutika kumeza ndi kulankhula, tipite kuchipatala. Dokotala amayesa mphamvu za manja ndi miyendo, angathe kuyeza magazi kuti aone michere ndi chithokomiro, ndipo pakafunika amatumiza munthu kukayezedwa minofu ndi makina a EMG. Koma akatiuza kuti zonse zili bwino, tilandire yankholo. Kufunsa funso lomwelo kwa madokotala asanu ndi mawebusaiti makumi awiri kumatonthoza kwa tsiku limodzi, mawa lake mantha amabwerera atakula.

Zotsalazo zili m'manja mwathu. Tigone maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, timwe madzi, tisiye zakumwa zochotsa tulo, tidye masamba obiriwira, nyemba, mtedza ndi nthochi. Tileke kufufuza zizindikiro pa foni ndi kudziyesa mphamvu. Mantha akapitirirabe, tikaonane ndi mlangizi kapena wachipatala woona za maganizo, popeza nkhawa yoopa matenda imathandizika ndi uphungu. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Kwa akulu ampingo ndi kwa ife tonse, pempho ndi limodzi. Mnzathu akatiululira mantha otere, tisamuseke, ndipo tisamuuze kuti chikhulupiriro chake chachepa. Mawu amenewo amangomuphunzitsa kubisa. Tipemphere naye, kenako timuperekeze kuchipatala.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi posachedwapa tiima kutsogolo kwa ana a Fomu 4 oyembekezera mayeso a MSCE. Mmodzi wa iwo adzatitsatira pambuyo pa phunziro n'kunong'ona kuti, “Aphunzitsi, mwendo wanga ukungodumpha, kodi ndifa?” Chimene tidzamuyankhe tiyenera kuchiphunzira panopa, mnofu wodumphawo ukadali wathu.